Musanathamangire ku show ndi basset hound wanu, onani kaye thanzi lake

Akonzi,

Zikomo pondipatsako danga mu nyuzipepala yathuyi. Nkhani yanga ndi ya agalu afupiafupi a makutu olendewera aja, ma basset hound, omwe enafe tikuweta mu Blantyre muno. Anzanga ena akumafunsa kuti angayambe bwanji kupita nawo ku ma show, koma malangizo omwe akumapatsanawo ndi omwe andikhumudwitsa, akuti bola makutu azichita kukwekwereza pansi, khungu likhale la makwinya okhaokha, galu anenepe, basi wawina kale. Ayi abale sizili choncho, kumeneko ndi kuzunza nyama.

Ku show ya maonekedwe jaji sasankha galu yemwe wangomusangalatsa m'maso, amakhala ndi muyezo wolembedwa wa mtundu umenewo ndiye galu aliyense amamuyerekeza ndi umenewo. Muyezo wa bungwe la FCI, loona za mitundu ya agalu pa dziko lonse, umati basset akhale masentimita 33 mpaka 38 kuchokera pansi kufika paphewa, makutu mukawakokera kutsogolo azingopitirira pang'ono nsonga ya mphuno osati kunyanya, pakati pa chifuwa ndi nthaka pakhale mpata woti aziyenda momasuka, mano akumwamba aziphimba pang'ono akumunsi. Jaji amamugwira thupi lonse, kumutsegula kukamwa, kenako amakuuzani kuti muyende naye kupita ndi kubwera kuti aone miyendo ikuponda bwanji. Tisaiwale kuti galuyu ndi wosaka akalulu ndi mphuno, makolo ake anachokera ku France ndipo mtunduwu anaukonza ku Britain m'zaka za m'ma 1800, ndiye galu woti akayenda pang'ono wayamba kale wefuwefu jaji wodziwa ntchito sangamupatse kanthu. Ku Crufts, chionetsero chachikulu chija cha ku Birmingham, mu 2012 basset yemwe anapambana pa mtundu wake sanaloledwe kupitirira atamuyeza dotolo wa ziweto. Ngati kumeneko akukana zonyanyira ife tikuzithamangiranji?

Za mapepala sindichulutsa gaga. Galu wopanda mapepala a kaundula salowa mu mpikisano weniweni, kaya akongole chotani. Kuchigawo chathu chino bungwe lodziwika losunga kaundula wa agalu ndi KUSA la ku Cape Town lomwe linayamba mu 1891, ndiye pogula kagalu funsani mapepala a mayi ndi bambo ake ndipo makolowo muwaone ndi maso anu ngati nkotheka, osamangokhulupirira chithunzi cha pa Facebook. Mpikisano nthawi zambiri amayamba ali ndi miyezi 6, ndipo wofulidwa malo ambiri samulola.

Koma ntchito yeniyeni ili pakhomo ndipo siilira ndalama zambiri. Kagalu kadakali kakang'ono kaphunzitseni kuima nji, miyendo yakutsogolo pansi pa chifuwa yakumbuyo mwaibweza pang'ono, dzanja limodzi pansi pa chibwano lina lakweza mchira, pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Alendo akabwera apempheni akagwire makutu ndi kukamwa kuti kazolowere manja achilendo. Vuto la basset ndi mphuno yakeyo, wanga akamva fungo pa udzu mutu umangoti pansi phee, kaya muitane chotani ngati sakumva, koma ndikagwira kachidutswa ka chiwindi chootcha m'manja amadzutsa mutu yekha nkumayenda bwinobwino pa chingwe. Kumumenya ndiye kumuononga, galu wamantha amapinda mchira ndipo jaji amaona msanga. Ndipo dzuwa la mu Okutobala lija musamuyendetse masana chonde, mamawa kapena madzulo kukazizira.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi kadyetsedwe. Timamuunjikira nsima ndi makombo onse a m'nyumba tikumati tikumukonda, pomwe galuyu msana ndi wautali miyendo yaifupi, akanenepa kwambiri msana ndi umene umayamba kuvuta mpaka ena kulephera kuyenda. Nthiti muzizimva mukamusisita. Makutu ajanso salowa mphepo, sabata iliyonse atukuleni muwapukute, mukamva kafungo kowawasa kapena akungopukusa mutu thamangani kwa a vetenale osadikira. Nkhupakupa zimakonda kubisala m'makwinya ndi pakati pa zala, ndipo matenda ake amapha galu mwachangu. Katemera wa chiwewe ndiye sitingachite kukambirana, a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies anayamba kubaya agalu mwaulere mu mzinda uno mu 2015, palibe chonamizira.

Pempho langa kwa anzanga oweta agalu ku Chilomoni, Namiwawa, Chirimba, Limbe ndi konseko, tiyeni tizikumana Loweruka lina pabwalo agalu athu azolowere phokoso ndi anzawo, tiitaneko dotolo wa ziweto aziwaona maso, makutu ndi msana tisanayambe kuganiza zoswanitsa. Inunso akonzi mutatipatsako kadanga mwezi ndi mwezi koti madotolowa aziyankha mafunso a oweta agalu mungatithandize kwambiri.

Ine wowerenga wanu,
Chilomoni, Blantyre