Amayi a ku Mangochi sakana ntchito

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa mawu amene amamveka kawirikawiri kuno ku Mangochi, akuti amayi ndi atsikana a boma lino alibe chidwi ndi ntchito zolembedwa, ndipo kuti ntchito ikalengezedwa ambiri salembera n'komwe. Zakuti ambiri salembera sindikutsutsa. Chimene ndikukana ndi chifukwa chimene anthu amathamangira kupereka, chakuti ndi ulesi kapena kudziderera. Amayiwa ali ndi maso, ndipo aona zimene zinachitikira akulu awo amene analemberapo.

Amene akuti amayi akuno safuna ntchito alawirire padoko ku Makawa kapena ku Malombe. Boti, injini ndi ukonde wa chilimira pafupifupi zonse ndi za abambo, ndipo ndi iwo amene amatchula mtengo. Mayi amafika kusanache ndi beseni lake, kulimbirana usipa ndi anzake, kuufutsa, kuuyanika pathandala n'kumautembenuza dzuwa likuswa mtengo, kenaka kuupakira m'matumba ulendo wa ku Limbe kapena ku Lilongwe, kumene amagona pamsika mpaka katundu atatha. Mvula ikagwa usipa uli pathandala, mpamba wonse umene anakongola ku banki m'khonde wapita, ndipo mwini boti zake analandira kale. Nsomba zikasowa, alipo asodzi ena amene amafuna thupi la mayiyo asanamugulitse, nkhani imene tonse timaidziwa koma timaitchula monong'ona. Mayi yemweyu mukamufunsa ngati ali pantchito amayankha kuti ayi, amangochita kageni, chifukwa anaphunzitsidwa kuti ntchito ndi ya munthu wolandira pakutha pa mwezi.

Nanga ntchito za pamwezizo zili bwanji? M'malo ogona alendo amene andanda m'mbali mwa nyanja kuchokera pa boma mpaka ku Monkey Bay ndi Cape Maclear, akazi ambiri mumawapeza akuyala mabedi, kuchapa ndi kuperekera zakudya, pamene ntchito za magetsi, zoyendetsa maboti ndi za ukapitawo zimagwera amuna. Mwana wa mchemwali wanga anagwirapo ntchito pa malo ena otere popanda kalata iliyonse yomulemba. Mimba itayamba kuoneka anamuuza kuti akapume kaye kunyumba, ndipo pobwerako ndi khanda kumsana anapeza yunifolomu yake atavala wina. Atsikana a m'mudzi mwathu anaziona zimenezi, ndipo sindingawadzudzule akamanena kuti bola mandasi, poti pamandasi palibe wokuchotsa.

Chowawa n'chakuti malamulo alipo. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati mwamuna ndi mkazi ogwira ntchito yofanana alandire malipiro ofanana, ndipo limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, akulandira malipiro ake onse, kamodzi pa zaka 3 zilizonse. Kumuchotsa chifukwa cha pakati ndi mlandu. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limati polemba anthu ntchito m'boma, mbali iliyonse isachepere 40 pa 100 alionse, ndipo limaletsa nkhanza zofuna chisembwere pamalo a ntchito. Koma kodi mtsikana wa ku Makanjira kapena kwa Jalasi, amene analekezera sukulu sitandade 7, ndani anamuwerengerapo zimenezi m'Chichewa kapena m'Chiyao?

Tisaiwalenso kuti boma lino ndi limene amuna ambiri amapita ku Joni. Mkazi wotsala ali ndi ana, munda ndi apongozi oti asamale, ndipo ntchito ikapezeka ku Blantyre kapena ku Zomba sangangonyamuka asanamve mawu a bambo amene ali ku Johannesburg, amene nthawi zambiri amayankha pafoni kuti ndalama ndikutumiza, ukufunanso chiyani.

Pempho langa likupita kwa a ofesi ya zantchito pa boma pano. Asamadikire madandaulo pa desiki, chifukwa wantchito wopanda kalata amaopa kudandaula. Ayende okha m'malo ogona alendo ndi m'masitolo, aone makalata olembera anthu ntchito, afunse kuti amayi amene anapita kukachira chaka chatha ali kuti lero. Ndipemphenso a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, ndi a sukulu ya zausodzi ya ku Mpwepwe kuti polengeza malo a maphunziro agwiritse ntchito mawayilesi a m'dera ngati Dzimwe, m'zilankhulo zonse ziwiri, ndipo anene mosabisa kuti atsikana akufunika pa maphunziro okonza injini za maboti ndi zamagetsi, osati pa kusoka pokha.

Ine wanu,
Mayi wokhudzidwa,
Mangochi