Alimi tayamba kusintha, thandizo litsatire

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za ife alimi ang'onoang'ono a kuno ku Balaka. Mvula siikubweranso monga tinkaidziwira. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda ndi nyumba m'chigawo cha kummwera. Chaka chotsatira ng'amba ya El Niño inawotcha chimanga chisanamasule, mpaka boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28.

Sitinangokhala manja lende. Ambiri tsopano tikukumba mayenje odzalamo chimanga, n'kuthiramo manyowa ndi kuphimbira ndi mapesi amene kale tinkawotcha posaka mbewa. Ng'amba ikagwa, pitani mukaone: chimanga cha m'mizere chimakhala chitapota masamba, koma cha m'mayenje chikadali chobiriwira, ndipo mukapisa chala pansi pa mapesi mumapeza chinyontho. Ena akupanga manyowa a Mbeya posakaniza gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono, chifukwa thumba lathunthu ndi ochepa angalikwanitse. Nandolo, mapira, chinangwa ndi mbatata zabwereranso m'minda, ndipo mitengo ya nsangu tikuisiya kuti masamba ake abwezeretse chonde.

Chimene chikundipweteka mtima n'chakuti thandizo la boma likadali kwambiri pa chimanga ndi feteleza. Bwanji osaikamo mbewu ya mapira, mitengo ya chinangwa ndi kholowa, n'kuzifikitsa mvula isanagwe? Alangizi nawonso ndi ochepa kwambiri, midzi ina chaka chimatha osamuona. Unduna wa zamalimidwe utitumizire alangizi, uwapatse njinga, azifika kumunda kwenikweniko.

Mlimi wokhudzidwa,
Balaka