Za Lachiwiri lija sindinayankhe foni

Salima

Mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Lilongwe, pamodzi ndi bambo a kunyumbako ndi adzukulu anga. Kuno tilipo, kungoti bondo lija limayamba mwano kukazizira m'mawa.

Lachiwiri unandiimbira kasanu ndi kawiri. Foni inali pansi penipeni pa chikwama, chitenje chitaiphimba, ndiye sindinaimve. Utandipeza usiku unakalipa kuti, "Amayi, munapuma ntchito, osangokhala pansi bwanji?" Sindinakuyankhe bwino chifukwa ndinali nditatopa. Ndati ndikulembere, uwerenge mtima uli m'malo.

Ndinadzuka kusanayere. Chimanga ndinapatsira mnyamata wa kwa aneba kuti akakonoletse kuchigayo, ine n'kukwera kabaza wa kuchipatala kukayezetsa BP. 7 koloko isanakwane ndinali nditafika, buku langa m'manja, koma mabenchi anali atadzaza kale. Anati magazi akuyenda bwino, anandipatsa mankhwala a mwezi wonse, n'kundikumbutsa za mchere. Ndinavomera ngati mwana wa sitandade 1.

Kuchoka apo, ulendo wa ku Kamuzu Road kukatapa ka penshoni. Mzere unatulukira panja, ndipo titangotsala anthu atatu anati netiweki yathawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinakhala pakhonde mpaka inabwerera. Ndalama yake usaifunse. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, penshoni imangodutsa m'manja ngati madzi a m'dengu. K5,000 ija tinkaiopa kuiphwanya itangotuluka mu 2022, lero ukagula sopo ndi kabotolo ka mafuta yapita. Ndinagula mayunitsi a magetsi, ndinalipira madzi, ndinadzera kwa telala kukatenga bulauzi yanga ya Chigwirizano. Anali asanaike mabatani, monga mwa nthawi zonse.

Zonsezi n'zongodutsa. Chimene ndinadzukira ndi ichi: mwezi uliwonse penshoni ikalowa, ife amayi anayi timakumana n'kupita kukadya kunyanja. Mmodzi ndinkaphunzitsa naye ku Chipoka iwe uli wamng'ono, wina ndi mayi wachisilamu wa kwa Maganga uja ankakuluka tsitsi. Wachinayi ndi a Sisitala aja anapuma unamwino. Tinapanikizana mu Sienta, makilomita 20 a ku Senga Bay tikuseka ngati atsikana othawa sukulu.

Mwera unali utawomba masiku atatu, asodzi ambiri sanalowe m'madzi, choncho chambo chinali chochepa ndiponso chodula. A Sisitala sakhulupirira munthu pa nsomba. Titafika pa malo odyera, analowa okha kukhitchini, n'kutsegula makha a chambo chilichonse ndi chala kuti aone ngati ali ofiira, kenako n'kusankha ziwiri zazikulu. Ophika anatiwotchera pamakala, n'kubwera nazo ndi nsima ya ufa woyera, nkhwani wotendera ndi kambuzi pambali. Mtsikana wa pamalopo anatisambitsa m'manja mmodzimmodzi atagwada, ndipo ndinakumbuka mmene ndinkavutikira kukuphunzitsa zimenezi. Mitu iwiri, anthu anayi: mlandu unakula. Anaugamula ndi a kwa Maganga, kuti mutu ndi wa amasiye, ndiye umodzi unagwera ine. Ndinautsopa fupa ndi fupa, chilumba cha Namalenje chili patsogolo pathu, mafunde akumenya mchenga.

Tili pakati pa kudya, a Sisitala anasiya mbamu ili m'manja n'kuyang'ana pansi pa tebulo. Mnzathu mmodzi anali atavula nsapato, mapazi atatupa ngati mikate. Anamudina ndi chala pamwamba pa phazi, dzenje n'kutsala osabwerera. Titamupanikiza anaulula kuti papita milungu itatu, usiku amabanika akagona chagada, ndipo ana ake sanawauze kuopa kuwadetsa nkhawa. Ana ake amamuimbira tsiku ndi tsiku, monga umachitira iwemu. Koma foni siona mapazi. Lachitatu m'mawa tinamuperekeza kuchipatala, pano ali pa mankhwala. Tikanakhala kuti aliyense anamvera mwana wake n'kukhala pakhonde, bwenzi tikunena zina.

Ndikuuze zimene sindinakuuzepo. Nditakwanitsa zaka 60 n'kupuma, anandichitira phwando, anandipatsa nsalu ndi mapoto. Isanathe miyezi itatu foni inakhala chete. Onse ankati "a Hedi, a Hedi" anali ndi a Hedi ena tsopano, ndipo sindiwaimba mlandu, ankalemekeza mpando. Ndinkasesa bwalo kawiri pa tsiku kuti dzuwa lipendeke. Bambo ako atatisiya, ogwira nawo ntchito anabwera tsiku loika, n'kupita. Amene anagona nane m'siwa, amene anatsala anthu onse atabalalika n'kumandikakamiza phala, ndi amayi atatu omwewa. Ubwenzi umenewo sunayambe pamaliro. Tinauyamba tili ndi ana kumsana, tikubwerekana mchere ndi choko, tikuchita chipereganyu cha timakobidi tochepa.

Ndiye nkhawa yanga si bondo langa ayi, ndi iweyo. Ukabwera kuno nkhani zako ndi za kuntchito, za fizi, za bambo a ana, basi. Dzina la mnzako sindilimva. Mtsikana uja munkagona mphasa imodzi ku sekondale, amene anakuimirira pa ukwati wako, mayi ake atamwalira unangotumiza chipepeso pa Mpamba. Ndinamva kwa anthu ndipo ndinachita manyazi. Ndalama inathandiza, sindikukana, koma ndalama siikhala pamphasa n'kugwira munthu phewa. Unati kuntchito sakanakulola. Loweruka lotsatira nalonso anakukaniza?

Usandimve molakwa. Banja lako ulisamale, mwamuna wako ndi munthu wabwino. Koma usamusenzetse katundu yense, kuti akhale mwamuna, akhale mnzako wocheza naye, akhalenso mchemwali wako. Atopa. Ndipo ana mukuwathamangirawa adzachoka, monga unachokera iwe. Patula kandalama pa malipiro ako, ngakhale kongokwanira tiyi ndi mandasi, ukhale pansi ndi anzako awiri atatu, mafoni ali m'zikwama. Ife pomaliza timasonkha mofanana, ndipo amene zamuvuta mwezi umenewo timamulipirira osanena kanthu. A kwa Maganga anatisiya pang'ono kukaswali, ife tikuwerengera ndalama patebulo. Ndinafika pakhomo kutada, mphale ikundidikira kuti ndiinyike.

Za kusamukira ku Lilongwe unanena zija, zikomo, koma pakadali pano ayi. Kumeneko ndizikangoyang'ana geti.

Loweruka ndikutumizira mpunga wa ku Lifuwu ndi usipa wouma pa minibasi ya m'mawa, ndidzakuuza nambala yake. Ndamanga mapukusi awiri. Limodzi ndi lanu, linalo ndi la mnzako uja, ndipo usatume mwana, ukapereke wekha. Mdzukulu wanga wamkulu akabwera pa holide adzandikwezere kulira kwa foniyi, ine ndayesa ndalephera.

Ndine mayi ako.