Chilengezo: Msonkhano wa Zofooka za Schannel

Kwa oyang'anira maseva ndi makompyuta onse a m'gulu lathu kuno ku Blantyre,

Loweruka likudzali tikhala ndi msonkhano m'chipinda chomwe timakumaniramo ku Ginnery Corner, kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 12 koloko masana. Nkhani yake ndi ya zofooka za Schannel, gawo la Windows lomwe limabisa mauthenga pogwiritsa ntchito TLS (njira yotetezera mauthenga kuti ena asawawerenge) pakati pa seva ndi makompyuta olumikizana nayo.

Zofooka zimenezi zimapereka mpata woti munthu wa zolinga zoipa ayimitse ntchito yonse popanda kuba kanthu. Popeza Schannel imagwirira ntchito mkati mwa lsass.exe (pulogalamu ya Windows yoyang'anira chitetezo ndi kutsimikizira mapasiwedi), uthenga wokonzedwa mwadala, wotumizidwa pa nthawi ya handshake (kulonjerana koyamba kwa kompyuta ndi seva polumikizana) munthuyo asanalembe n'komwe pasiwedi, ukhoza kugwetsa lsass, ndipo ikagwa seva imadzizimitsa yokha n'kuyambanso, ogwira ntchito ali kakasi pa madesiki awo. Ndikudera nkhawa makamaka inu amene mukadali pa Windows Server 2012 R2, yomwe Microsoft inasiya kuithandiza pa 10 October 2023, chifukwa ma update a mwezi ndi mwezi sakukufikaninso pokhapokha mutalipira padera.

Aliyense abwere ndi laputopu yotchaja bwino, mndandanda wa maseva ake omwe port (khomo lolumikizirana) 443 ya mawebusaiti otetezedwa kapena 3389 yolowera mu seva muli kutali ndi yotsegula ku intaneti, komanso tsiku lomwe anaikapo update komaliza. Tidzasonkha K5,000 munthu aliyense yolipirira chipinda ndi zakumwa.

Chonde yankhani pano pofika Lachinayi madzulo kuti mutsimikize ngati mudzabwera.