Mtsutso wa ofuna utsogoleri usasanduke malonda

Mkonzi,

Ndikukana mchitidwe wosandutsa mtsutso wa ofuna utsogoleri kukhala chisudzo chopezera ndalama pa kanema. Ku America, kuyambira 1988 mpaka 2020, mitsutso ikuluikulu ya ofuna upulezidenti inkayendetsedwa ndi bungwe losafuna phindu, popanda kutsatsa malonda. Mu June 2024, CNN inadula kawiri mtsutso wa Joe Biden ndi Donald Trump kuti ionetse malonda. Ndinauonera, ndipo chimene chinatsala m'kamwa mwa anthu ndi kunyozana ndi mawu osamveka a Biden. Wailesi ikamadya mwa owonera, mkangano umaipindulira kuposa mfundo.

Kwathu kuno mitsutsoyi inayamba mu 2014. Okonza ake aletse malonda mkati mwa mtsutso, aupereke kwaulere ku wailesi zonse, ndipo wopikisana aliyense apatsidwe nthawi yokwanira kufotokoza komwe ndalama za malonjezo ake zichokere.

Wowerenga wanu,
Zomba