Lipoti la maphunziro a ku Blantyre: kamangidwe ka mabulaketi a masipuling'i pa chesisi

A Wapampando ndi mamembala nonse, ndabwerako kumaphunziro a masiku awiri komwe munandituma. Malisiti a basi ndi malo ogona ali ndi a Msungichuma, wofuna kuwaona akawaone. Tsiku loyamba linathera m'malonje ndi nkhani za inshuwalansi. Chomwe chinabweza ndalama yanu ndi phunziro la mabulaketi ogwira masipuling'i pa mapikapu akale.

Ena mwa mabulaketiwa anawotcherera kufakitale, ena anawamanga ndi maliveti. Liveti ikamakhomedwa imafufuma n'kudzaza bowo lonse, n'chifukwa chake bulaketi imakhala zaka osagwedera. Choipha ndi dzimbiri lolowa pakati pa bulaketi ndi chesisi. Limatupa, n'kumakankha bulaketi mpaka liveti italekerera. Mukaona kafumbi kofiira kozungulira mutu wa liveti, dziwani kuti yayamba kusewera.

Pochotsa liveti, chesisi ikhale pa masitandi, difu (ekiselo yakumbuyo) pa jeke. Dulani mutu ndi gilayinda, khomani panchi pakatikati, boolani ndi 6 mm, kulitsani pang'ono, kenako itulutseni ndi panchi. Gasi ayi. Moto umafewetsa chitsulo ndipo bowo limatsala lokhota. Palani dzimbiri lonse ndi kupaka penti bulaketi isanabwerere.

Bulaketi imabwerera ndi mabawuti, koma bawuti sidzaza bowo ngati liveti, ndiye bowo lilinganizidwe ndi rima (chida chosalazira bowo) kuti bawuti ilowe mothina, gawo losalala lopanda mathiredi likhale m'bowomo. Pamutu pa bawuti palembedwe 10.9, nambala yosonyeza kulimba kwake, mawasha akhale olimba, nati ikhale yodzitseka. Bawuti ya M12 (ya 12 mm) ya 10.9 imamangidwa pafupifupi 115 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira), pomwe ya 8.8 imalekera cha pa 80 Nm. Apa ndiye pandipweteka. Tinasonkha ndalama ya torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, kalekale, mpaka lero tikumangabe ndi paipi pa sipanala, nambalazi tidzaziyeza ndi chiyani? Komiti itiyankhe pamsonkhano ukubwerawu.

Kumaphunziroko anagwirizana kuti bulaketi ya maliveti isawotcheredwe, ndiponso mlomo wam'mwamba ndi wam'munsi wa chesisi usabooledwe kapena kuwotcherera chopingasa, poti katundu amakoka ndi kupanikiza pamenepo ndipo mng'alu umayambira pa weld. Za mlomozo ndikuvomereza ndi mtima wonse. Koma kuletseratu kuwotcherera anakambira patebulo. Pikapu zathu zimanyamula mabelo a fodya kupita ku Kanengo, zina matumba a chimanga kuchokera ku Mitundu, ndipo zimafika kwa ife khoma la chesisi litang'ambika kale mozungulira mabowo. Pamenepo bawuti igwira pati? Ine ndikuti tiboole kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire, tiwotcherere, tiike chigamba chosongoka kumapeto konse kuwiri pakhomapo, kenako bulaketi ibwerere ndi mabawuti. Anzathu ena kuno ku Biwi amangomata bulaketi ndi rodi kuti kasitomala alipire zochepa, ndipo ikathyoka dzina loipa limagwera tonse.

Musanamalize, yezani ndi tepi kuchokera pa habu (pakati pa wilo) yakutsogolo kufika yakumbuyo, mbali zonse ziwiri. Zikasiyana, galimoto iyenda chammbali ngati nkhanu ndi kudya matayala. Mabawuti a shako, cholumikizira sipuling'i ku chesisi, amangidwe galimoto itatsika pansi, apo ayi mabushi a labala amapotoka n'kung'ambika msanga.

Gawo lomaliza linali la kalembedwe ka ma invoice. Mapepala ake ndasiya kwa a Mlembi.