Tiyeni tikambe za khansa ya m'matumbo poyera

A Mkonzi,

Nkhani ya khansa ya m'matumbo isamathere m'nyuzipepala mokha ayi, ifike kumakiliniki akumudzi komanso pa mawailesi athu kuno ku Chipata.

Amalume anga anakhala pafupifupi chaka akuona magazi akapita kuchimbudzi, iwo nkumati ndi kamwazi chabe, ena amvekere ndi mudzi, nkumamwa zitsamba, manyazi osanena kwa munthu, pomwe tinawatengera ku chipatala cha khansa cha Cancer Diseases Hospital ku Lusaka zinali zitafalikira kale. Anatisiya, ndipo mpaka pano zimandiwawa.

Chimene ambiri sitidziwa nchakuti khungu lamkati mwa matumbo limasinthika pa masiku 3 mpaka 5 alionse, maselo (tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi) akale amayoyoka atsopano nkumera. Pali mapuloteni amene amalamula majini (malangizo a m'kati mwa maselo) kuti maselo achulukane kapena aleke. Ina ndi beta-catenin imene imati chulukanani, ndiye ina yotchedwa APC ndi buleki yake. Jini ya APC ikawonongeka maselo amangochulukana osaleka nkupanga kachotupa kotchedwa polyp. Koma kachotupako kamatenga zaka zambiri, mwina 10, kasanasanduke khansa, ndipo akakapeza msanga amakachotsa. Nthawi ilipo abale, ife ndife timaitaya.

Ndiye boma litithandize, makina oyezera m'matumbo ndi madokotala ake apezeke m'zipatala zikuluzikulu za kuno kum'mawa, Lusaka ndi makilomita opitilira 500 ndipo thiransipoti si masewera. Manesi nawo azitifunsa za chimbudzi mmene amatifunsira za BP ndi shuga.

Wowerenga wanu,
ku Kapata, Chipata